Ena anathamangira katemera, ena anabisala: zomwe mliri unaonetsa m'chigawo cha Tete

Kuchokera ku Dedza kutsikira ku Ntcheu, malire a Malawi ndi Mozambique m'malo ambiri ndi msewu wa phula basi. Tsidya lino ndi Angónia ndi Tsangano, tsidya linalo ndi Malawi, koma anthu ake ndi amodzi. Amakwatirana, amaikana maliro, amakumana pa msika wa Lizulu, ndipo madzulo amatchera khutu ku wailesi zomwezo. Katemera wa Covid-19 atafika mu 2021, mphekesera zomwe zinkamveka ku Ulongué ndi zomwenso zinkamveka ku Dedza, nthawi zina mawu ake a pa WhatsApp omwewo. Komatu pamapeto pake ziwerengero za mayiko awiriwa zinatalikirana. Mozambique inabaya anthu opitirira theka la anthu ake onse, pomwe ku Malawi obayidwa sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Ziwerengerozi ndi za dziko lonse, si za midzi ya m'malire yokha ayi, komabe zikutiuza kanthu. Mabodza akanakhala kuti ndiwo okha amalamula mtima wa munthu, kusiyana koteroko sikukanakhalapo.

Gulu la akatswiri olangiza bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalongosola mu 2014 kuti kukayikira katemera ndi kuzengereza kapena kukana kubayitsa pamene katemerayo alipo. Mawu akumapetowa ambiri amawadumpha. Mayi wa ku Chifunde amene sanabayitse chifukwa katemera sanafike konse kwawo si wokayika, ngakhale pa pepala la ziwerengero amakhala mzere umodzi ndi wokana. Ndipo pakati pa okayika enieniwo, okaniratu kwamtuwagalu amakhala ochepa. Ambiri ndi anthu oti lero akuti "ndiyambe ndaona anzanga", mawa akuti "ndikakolola", ndipo mkuja wina wowadziwa akawalankhula bwino amapinda mkono wa malaya n'kubayitsa. Akatswiri aja anati zinthu zitatu ndizo zimakoka munthu wotereyu: ngati akukhulupirira katemerayo ndi omwe abwera naye, ngati akuona kuti nthendayo ingamugwire iyeyo, ndiponso ngati kubayitsako n'kosavuta kukufikira.

Kafukufuku wa nthawi imeneyo anatsutsa zomwe ambiri ankaganiza zoti anthu a mu Africa sadzafuna katemera. Kumapeto kwa 2020, bungwe lolimbana ndi matenda mu Africa la Africa CDC linafunsa anthu m'mayiko 15 ndipo 79 pa 100 alionse anati adzabayitsa ngati katemerayo ali wosaopsa komanso wogwira ntchito. Mu Julayi 2021 magazini ya Nature Medicine inasindikiza kafukufuku wina wa m'mayiko osauka ndi apakatikati, Mozambique ili momwemo. Ofuna katemera anali 80 pa 100, pomwe ku America anali 65 ndipo ku Russia 30 okha. Okayikawo atafunsidwa chifukwa, ambiri anatchula mantha a zomwe katemera angachite m'thupi. Atafunsidwa amene angamukhulupirire, anatchula ogwira ntchito zachipatala. Inde, kuyankha funso la wofufuza n'kosavuta kusiyana ndi kuyenda mtunda kukaima pa mzere. Koma chifuniro chinalipo. Funso ndi lakuti chinathera kuti.

Mbali ina chinathera m'kudikira. Wodwala woyamba ku Mozambique analengezedwa pa 22 Malichi 2020, ndipo kuyambira pa 1 Epulo Pulezidenti Filipe Nyusi anaika dziko pa malamulo a nthawi ya ngozi. Sukulu zinatsekedwa, mapemphero anaimitsidwa, chiwerengero cha anthu pa maliro chinachepetsedwa. Britain inayamba kubaya anthu ake mu Disembala 2020. Kuno katemera woyamba, madozi 200,000 a Sinopharm ochokera ku China, anatera ku Maputo pa 24 Febuluwale 2021, ndipo kubaya kunayamba pa 8 Malichi ndi ogwira ntchito zachipatala. Nduna ya zaumoyo Armindo Tiago ndiyo inayamba kupereka mkono. Tsiku lomwelo kunafika madozi 384,000 a AstraZeneca kudzera mu COVAX, ndondomeko yothandiza mayiko osauka kupeza katemera. M'dziko la anthu oposa 30 miliyoni, amenewa anali ochepa zedi. Kubaya anthu wamba mwaunyinji kunayamba mu Ogasiti 2021, ndipo nako kunayambira m'matauni, kwa aphunzitsi, ogwira ntchito m'boma, oyendetsa machapa (maminibasi) ndi njinga zamoto, ndi achikulire. Mlimi wa ku Furancungo kapena ku Domué anakhala miyezi yambirimbiri akumva za katemera asanamuone ndi maso. Miyezi yonseyo ankamva kwa yani? Kwa mwana wake wa ku Joni, kwa mnzake wa pa bawo, ndi kwa mlaliki wa pa foni.

Katemera wina amene anafika m'mayiko a kuno anali wotsala pang'ono kutha mphamvu. Pa 19 Meyi 2021 boma la Malawi linatentha poyera madozi 19,610 a AstraZeneca pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Nduna ya zaumoyo ya ku Malawi Khumbize Chiponda inafotokoza kuti cholinga chinali kutsimikizira anthu kuti palibe amene adzabayidwe katemera wotha ntchito. Cholingacho chinali chabwino. Koma nkhani ikamayenda pakamwa imafika itaduka miyendo, ndipo tsidya lino ambiri anangomva kuti ku Malawi atentha katemera chifukwa ndi woipa.

Izi zinagwera pa bala lina. Mu Malichi 2021, mwezi womwewo katemera wa AstraZeneca akutsitsidwa m'ndege kuno, mayiko angapo a ku Ulaya, monga Denmark, Germany ndi France, anamuimitsa kaye chifukwa anthu ena anaundana magazi atabayidwa. Apa n'kofunika kunena zoona zake, chifukwa iyi sinali mphekesera. Vutolo linalipodi, koma linali losowa kwambiri: ku Britain linkagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 50,000 mwa osafika zaka 50, ndipo mwa achikulire linali lochepera apo. Covid-19 yeniyeniyo inkaundanitsa magazi a anthu ambiri kuposa pamenepa. Mayiko aja ankatha kuimitsa chifukwa anali ndi mitundu ina ya katemera m'nkhokwe. Koma taganizani mmene zinamvekera kwa munthu wa pa Zóbuè: azungu amukana, ndiye amutumiza kuno. Kumuyankha kuti "zabodza zimenezo" kunali kulakwitsa, pakuti theka la zomwe anamvazo linali loona, ndipo iye ankadziwa kuti ndi loona.

Mizu ya mantha

Mphekesera sizimera pa thanthwe. Mu Epulo 2020 madokotala awiri a ku France, Jean-Paul Mira ndi Camille Locht, anakambirana pa wailesi ya kanema za kuyesera katemera mu Africa popeza kuno kulibe zodzitetezera. Mkulu wa WHO, Tedros Adhanom Ghebreyesus, anadzudzula mawuwo kuti ndi maganizo otsalira a utsamunda, koma kanemayo anali atayenda kale m'mafoni. Kumbuyoko, mu 1996, kampani ya Pfizer inayesera mankhwala otchedwa Trovan pa ana odwala nthenda youmitsa khosi ku Kano m'dziko la Nigeria. Ana 11 anamwalira, ndipo milandu yake inatenga zaka. Mu 2003 madera a kumpoto kwa Nigeria ananyanyala katemera wa poliyo ponena kuti ndi wotseketsa kubereka, ndipo poliyo anafalikiranso kumayiko ena ambiri omwe anali atamugonjetsa kale.

Kwathu kuno tili ndi zathu. Nkhani ya anamapopa, omwe a Chipwitikizi amati chupa-sangue, imabwerabwera mbali zonse za malire. Mu 2017 anthu anaphedwa ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikira pa mphekesera imeneyi, mpaka bungwe la United Nations linachotsa kaye antchito ake kumeneko. Ku Nampula ndi ku Zambézia, nthawi za kolera, anthu akhala akugwetsa nyumba za mafumu ndi kumenya ogwira ntchito zaumoyo powaganizira kuti ndiwo akufalitsa matendawo. Ophunzira amaseka akamva zimenezi. Ine sindiona choseketsa, chifukwa nkhani zonsezi zili ndi msana umodzi: mlendo wovala bwino, wa galimoto, wabwera kudzatenga kanthu m'thupi la munthu wosauka kapena kuikamo kanthu, mogwirizana ndi akuluakulu. Kwa anthu omwe agogo awo anagwidwa chibalo, omwe anasamutsidwa mokakamiza kupita m'midzi yotchingidwa nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi, kenaka n'kuthawanso nkhondo ina, maganizo oti boma likabwera limabwera kudzatenga si misala.

Pali funso lina limene limafunsidwa m'midzi yambiri, ndipo ndi lovuta kuposa onse. Munthu amati: ndikadwala malungo ndimayenda theka la tsiku, ndikafika andiuza kuti mankhwala atha ndikagule ku famasi. Mkazi wanga akamachira ndimagula ndekha mafuta a njinga yamoto. Nanga bwanji chinthu ichi chokha n'chaulere, ndipo mukuchita kundilondola nacho pakhomo? Yankho loona lilipo. Ndalama za katemera zinachokera kunja zitamangidwa kale pa ntchito imeneyo, ndipo mayiko olemera ankadziwa kuti kachirombo kakamayendayenda kuno kadzasintha n'kubwerera kwawo. Ndiye kuti m'chifundocho munali kudzikonda. Koma kudzikonda kwa woperekayo sikusandutsa katemera kukhala poizoni. Anamwino amene ankayankha chonchi ankamveka bwino kuposa amene ankangobwereza kuti boma limakonda anthu ake.

Mwa mphekesera zonse, yoti katemera amatseka kubereka ndiyo inaluma kwambiri, ndipo n'zosadabwitsa kumalo komwe banja lopanda mwana limagwedezeka. Ofufuza anatsata amayi ambirimbiri obayidwa ndi osabayidwa ndipo sanapeze kusiyana pa kutenga pakati kapena kupita padera. Chomwe anapeza n'chakuti kwa amayi ena kumwezi kunkachedwa pang'ono, pafupifupi tsiku limodzi, kenaka n'kubwerera mwakale. Mayi amene anauzidwiratu zimenezi sankadabwa. Amene sanauzidwe, ataona kusintha, ankakanong'oneza anzake ku chitsime, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unkakhala utadziwa kuti zija ankanena zija n'zoona. Amayi oyembekezera ndiwo anataya kwambiri, chifukwa Covid-19 inkawavuta kuposa anzawo, koma poyamba malangizo okhudza iwo ankasinthasintha.

Ena ankadabwa ndi changu chake: Edzi yatha zaka makumi anayi opanda katemera, uyu wapezeka bwanji chaka chimodzi? Tizirombo ta mtundu wa korona tinali titafufuzidwa kale chifukwa cha SARS ya 2003 ndi MERS ya 2012, ndipo asayansi ankadziwa mbali ya kachirombo yoyenera kulozera. Ndalama zinatsanulidwa zambiri nthawi imodzi, mafakitale anayamba kupanga kuyesa kusanathe, ndipo popeza odwala anali paliponse, zotsatira zinkaoneka msanga. Kachirombo ka HIV n'kosiyana: kamasintha mofulumira kwambiri ndipo kamabisala m'maselo omwewo oteteza thupi. Katemera wa Sinopharm, amene ambiri kuno analandira, anapangidwa m'njira yakalekale yogwiritsa kachirombo kophedwa, ndipo thupi limangophunzira maonekedwe ake n'kukonzekera.

Za mipingo tinene mosamala, chifukwa anthu amakonda kuiunjika pamodzi. Mipingo ikuluikulu sinakane. Likulu la Akatolika ku Vatican linanena mu Disembala 2020 kuti kubayitsa n'kololedwa, ndipo Papa Francisco mu Ogasiti 2021 anati kubayitsa ndi ntchito ya chikondi. Ku Angónia ndi Tsangano, komwe mishoni za Lifidzi ndi Fonte Boa ndi mpingo wa Reformada zili ndi mizu yakuya, mawu otere amalemera. Pali magulu ena achipostoli ndi a Ziyoni amene amakana mankhwala a kuchipatala a mtundu uliwonse, ndipo anayamba kutero kale korona asanabwere. Mtengo wake umaoneka pa chikuku: ku Malawi mu 2010 odwala anapitirira 130,000, ndipo ku Zimbabwe mu 2022 ana oposa 700 anamwalira, ambiri a m'mabanja otere. Gulu lachitatu ndi la alaliki odziimira okha, amene anatenga Chivumbulutso 13 n'kunena kuti jakisoniyo ndi chizindikiro cha chilombo, 666. Awa anali ndi mafoni ndi mawu okweza. Koma ngakhale m'mipingo yokanayo, azaumoyo amadziwa kuti pali amayi amene amabwera ndi ana mwakachetechete gulu likabalalika, akakhala ndi chikhulupiriro kuti namwino sakawaulula.

Nthenda ya eni ndalama

Munthu sathamangira kudziteteza ku chinthu chimene sakuchiopa. Theka la anthu a ku Mozambique ndi ana osafika zaka 18, ndipo Covid-19 inkapha makamaka achikulire ndi odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Imfa zolembedwa ndi boma m'dziko lonse zinali 2,200 ndi zina pang'ono, ngakhale ambiri anafera m'makomo osayezedwa. Malungo amagwira anthu oposa 10 miliyoni chaka chilichonse m'dziko lomweli. Kwa munthu wa ku Marávia amene waikapo mwana chifukwa cha malungo, ndipo sanaonepo wofa ndi korona, kunena kuti iyi ndi nthenda ya m'tauni, ya oyenda pa ndege, kunali kuwerenga zomwe maso ake aona. Chomwe chinkamupweteka iyeyo ndi malamulo: msika kutsekedwa, malire kuvuta, mbatata kuolera m'matumba, maliro a mayi ake kuikidwa mothamanga popanda kugona pa siwa. Mkwiyo wa malamulowo unagwera pa katemera.

Mantha ankabwera ndi kupita. Mu Januwale 2021 nduna ziwiri za ku Malawi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo aliyense wa m'malire anamva. Pakati pa chaka chomwecho mtundu wa Delta unadzaza zipatala, mzinda wa Tete uli m'gulu la malo okhudzidwa kwambiri. Nthawi zimenezi anthu ankaufuna katemera, ndipo ndi nthawi zomwe anali wochepa. Pomwe anadzachuluka, odwala anali atatsika ndipo mitima inali itazizira. Kuphonyana kumeneku kunawononga kuposa mauthenga onse a pa WhatsApp.

Kenaka mu Novembala 2021 asayansi a ku South Africa ndi Botswana analengeza za mtundu watsopano wa kachiromboka wotchedwa Omicron, ndipo malipiro awo anali akuti America, Britain ndi ena anatsekera zitseko mayiko a kuno, Mozambique ndi Malawi ali pa mndandanda. Omicron ankagwira ngakhale obayidwa. Okana aja anapeza poyambira: uja anabayitsa uja si uyu akutsokomolayu? Vuto linali mmene uthenga unaperekedwera poyamba, ngati kuti wobayidwa sadzadwalanso. Ntchito yaikulu ya katemerayu inali kuletsa kuti chimfine chisafike poti munthu akagonekedwe pa mpweya kapena kufa, ndipo imeneyo anaigwira. Koma ntchito yotere sioneka ndi maso. Palibe amene amaloza nkhalamba ikulima m'dimba n'kunena kuti uyu akanafa chaka chatha.

Mtunda, botolo ndi tsiku la ganyu

Mbali imene imanyozeka pokamba nkhaniyi ndiyo imene ine ndimaiona yaikulu. Chigawo cha Tete ndi chachikulu kuposa dziko la Malawi tikachotsako nyanja zake, koma anthu ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza, ndipo m'maboma ngati Zumbo, Marávia ndi Chifunde midzi ndi yotalikirana. Katemera amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 kuchokera ku Maputo mpaka pa mkono, kudutsa m'chigwa cha Zambezi momwe kutentha kumapitirira madigiri 40. Dzinja likafika mitsinje imadzadza. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè ku Tete, ndipo ntchito zambiri zaumoyo zinasokonekera.

Ndiye pali botolo. Botolo limodzi la AstraZeneca limakhala ndi madozi 10, ndipo likatsegulidwa liyenera kutha pasanathe maola 6. Namwino amene wauzidwa kuti asataye dozi ngakhale imodzi, akaona anthu atatu okha pa benchi amawauza kuti adikire ena kapena abwerenso Lachinayi. Kwa namwinoyo n'kusamala katundu wosowa. Kwa mlimi amene wasiya khasu nthawi yopalira, walipira njinga, ndipo wabwerera chimanjamanja, nkhani yatha pamenepo. Sabweranso, ndipo m'kaundula adzalembedwa ngati wosafuna. Zomwezi zimachitikanso ku sikelo ndi katemera wa chikuku ndi wa chifuwa chachikulu (BCG). Wonjezani kuti mitundu yambiri inkafuna kubaya kawiri, komanso kuti ambiri amamva kuphwanya m'thupi ndi kutentha tsiku lotsatira. Kwa wa pa ofesi limenelo ndi tsiku lopuma. Kwa wodalira ganyu ndi tsiku logona ndi njala. Katemera wa Johnson & Johnson, wobaya kamodzi, atayamba kufika mu Julayi 2021 anathandiza kumidzi pa chifukwa chomwechi.

Si nthawi zonse pomwe wobayidwa ndiye mwini chisankho. M'mabanja ambiri a Angoni mayi sangapite popanda bambo kuvomera, ndipo kwa Achewa mawu a malume, mwini mbumba, kapena a gogo wamkazi amatha kutseka kapena kutsegula khomo lonse. Uthenga wambiri unkalunjika kwa amayi a ku sikelo, omwe anali okhutira kale, n'kusiya amuna omwe ankakana.

Mmene ndikuonera, zomwe zinakweza ziwerengero za Mozambique n'zakuti katemera anachoka m'chipatala n'kupita komwe kuli anthu: m'misika, pokwerera machapa, m'sukulu, ndi m'midzi kudzera m'magulu oyendayenda. Dzikoli lilinso ndi makwerero a utsogoleri ofika pansi penipeni, kuyambira kwa mfumu ndi nyakwawa mpaka kwa mlembi wa dera ndi woyang'anira nyumba khumi, kuphatikizapo alangizi a zaumoyo a m'mudzi otchedwa APE, omwe ndi ana a m'mudzi momwemo. Mfumu ikabayitsa pa bwalo anthu akuona, m'mawa mwake n'kudzuka bwinobwino, ulaliki wa pa foni umachepa mphamvu. Makwerero amenewa ali ndi mbali yake ina, tisabise. Ena anabayitsa poopa kuti dzina lawo lisowa pa mndandanda wa thandizo, ndipo komwe anthu amaona mlembi wa dera ngati munthu wa chipani, kubwera kwake kunkatha kuutsa kukana. Khadi la katemera nalo linakoka ambiri. Mu 2022 mayiko a kuno, kuphatikizapo South Africa, atayamba kulola wobayidwa kudutsa popanda kuyezetsa kodula kuja, madalaivala a mathiraki a pa msewu wa Zóbuè ndi Cuchamano ndi amalonda odumpha malire anapeza chifukwa chogwirika. Kuvomera kotere kumadzaza kaundula, koma sikusiya chikhulupiriro choti mudzadalire pa mliri wotsatira.

Poliyo atabwerera

Anthu a kuno si achilendo ku katemera. Dziko la Mozambique litangolandira ufulu, kuyambira 1976 boma linayenda chigawo ndi chigawo kubaya anthu katemera wa nthomba, chikuku ndi chifuwa chachikulu, ndipo achikulire ambiri akadali ndi chipsera chake pa mkono. Nthomba inalengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 1980. Nkhondo ya pachiweniweni inagwetsa zipatala zambiri za kumidzi, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, komwe ana awo anabayidwa m'misasa ya othawa kwawo mpaka mtendere wa 1992. Mayi wa ku Tsangano amene anakayikira jakisoni wa korona ndi yemweyo amene amasunga khadi la sikelo m'pulasitiki kuti lisanyowe. Anakayikira chinthu chatsopano, cha akuluakulu, chobwera ndi phokoso. Vuto n'lakuti phokosolo linadontheranso pa katemera wa ana, nthawi yomwe masikelo oyendayenda anali atachepa chifukwa cha mliri.

Mu Ogasiti 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wachilengedwe. Pa 17 Febuluwale 2022 Malawi inalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi kachirombo kofanana ndi ka ku Pakistan. Pa 18 Meyi Mozambique inalengeza wake, mwana wa m'boma la Changara, koyamba chichokere 1992. Pofika kumapeto kwa chakacho ana opuwala anali 8, onse a m'chigawo cha Tete. Nambalayi ikuoneka yaing'ono mpaka mutadziwa kuti pa anthu pafupifupi 200 otenga kachiromboka, mmodzi yekha ndiye amapuwala. Enawo amakanyamula osadziwa n'kumakafalitsa kudzera m'chimbudzi ndi m'madzi. Ana 8 opuwala akutanthauza kuti kanadutsa mwa ana mazanamazana.

Magulu odontheza katemera mkamwa anayenda khomo ndi khomo, kubwereza kangapo, akudetsa chala cha mwana ndi inki ndi kulemba choko pa chitseko. Apa panabuka kukayika kwa mtundu wina, kwa kutopa. Makolo ankafunsa kuti mwana yemweyu mwamudontheza mwezi watha, mwabweranso kudzatani? Funsoli ndi lanzeru ndipo lili ndi yankho. Madontho a poliyo amagwira ntchito m'matumbo, ndipo kwa ana otsegula m'mimba kawirikawiri kapena operewera zakudya, ulendo umodzi sugwira mwa onse. Kubwereza kumatseka mipata, ndipo sikuvulaza mwana amene anagwira kale. Wodontheza amene anaphunzitsidwa tsiku limodzi, ali ndi makomo ambiri oti amalize dzuwa lisanalowe, kawirikawiri analibe mpata wofotokoza izi. Ankangolemba kuti pakhomopo akana.

Ntchitoyi inachitikira pamodzi m'mayiko asanu, Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo ana oposa 50 miliyoni analandira madontho. Mu Meyi 2024 WHO inalengeza kuti mliri wa poliyo wachilengedwe ku Malawi ndi ku Mozambique watha. Kuchitira pamodziko kunali kofunika chifukwa cha mabanja a m'malire omwe aja. Mwana wa ku Calómuè amatha kubadwira ku chipatala cha ku Dedza, kuyamba sikelo tsidya lino, n'kukakhala kwa agogo ake tsidya linalo nthawi yokolola. Ena ali ndi makhadi awiri, lina la Chingerezi lina la Chipwitikizi, ena alibe ngakhale limodzi, ndipo chipatala chilichonse chimayesa kuti mwanayo akubayidwa kwa anzawo.